Mavuto ndi Benoni ndi dzina limodzi

Mu 2017, pa kalembera wa chitupa cha unzika, ndinaperekeza agogo anga kusukulu ina ya kufupi ndi Nkhoma. Mnyamata wolemba atafunsa dzina, agogo anatchula la ubatizo. Atafunsanso ngati ali ndi lina, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Mwana iwe, ukufuna ndikutchulire dzina la paubwana pa anthu ponse pano?" Pamzere ponse panagwa phwete. Dzina limenelo ngakhale ine sindinalimvepo pakamwa pawo. Kumudzi tonse tinkangoti aNaphiri.

Anthu a m'badwo wawo ankakhala ndi mayina angapo, lililonse ndi nthawi yake. Loyamba linkabwera mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo wotcha ankakhala agogo, azakhali kapena amalume. Dzinalo linkanena zomwe zinali pakhomo. Wobadwa pa njala kapena pa zovuta ankakhala Mavuto, Misozi, Maliro kapena Masiye. Mayi wotopa ndi mijedo sankapita kukalalata kwa munthu ayi: ankangotcha mwana Mwandida kapena Ndaziona, ndiye woipayo ankadzitsutsa yekha tsiku lililonse akamaitana mwanayo. Munthu akavinidwa ankalandira dzina lina, la paubwana lija n'kukhala losatchulika. Akabereka, n'kusanduka make uje kapena bambo wake wa uje.

Kenako kunabwera mishoni. A Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, Akatolika nawo anakhazikika ku Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Wobatizidwa ankatenga dzina la m'Baibulo, la woyera mtima kapena la mzungu, ndipo pang'onopang'ono mayina akumudzi anayamba kuoneka ngati achikunja.

Apa ndi pomwe ine ndimaseka. Buku Lopatulika lomwe William Murray ndi anzake anamasulira, n'kutuluka mu 1922, ladzaza ndi mayina a mtundu womwewo, kungoti ali m'Chiheberi. Rakele, akutsirizika pobereka, anatcha mwana wake Benoni, kutanthauza mwana wa chisoni changa. Si Mavuto ameneyo? Yakobo ndiye analisintha kukhala Benjamini, monga momwe abambo ena amakanira dzina lolemera lomwe azakhali atcha. Naomi, atataya mwamuna ndi ana awiri, anauza anthu kuti azimuitana Mara, kutanthauza kuwawa. Isake ndi kuseka, ndiye Sekani wathuyu. Hana, lomwe linabala Anna, ndi Chisomo. Yohane likuti Mulungu wachita chisomo, ndipo ndi dzina lomwelo lomwe Angerezi amati John, Afalansa Jean, Apwitikizi João, a ku Russia Ivan. Mateyu ndi mphatso ya Mulungu, chimodzimodzinso Theodore ndi Dorothy a Chigiriki. Choncho banja lotcha ana Dorothy ndi Mphatso latcha dzina limodzi kawiri, losadziwa.

Mukadutsa pamsika waukulu wa Lilongwe, pafupi ndi mzikiti, mumva mayina omwewo atadzera njira ina. Anachokera m'Chiarabu, n'kufika ndi malonda a kugombe kudzera mwa Aswahili ndi Ayao. Yusufu ndi Yosefe, Musa ndi Mose, Daudi ndi Davide, Mariamu ndi Maria. Juma ndi tsiku Lachisanu, Saidi ndi wodala, Amina ndi wokhulupirika. Palinso a Supuni, a Tebulo ndi a Sikelo, omwe anatolatola pantchito za azungu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mzinda uno, womwe unakhala likulu mu 1975, wanyamula mbiri yonseyi pazikwangwani. Chipatala chachikulu, bwalo la ndege ndi damu zimatchedwa Kamuzu. Dzinali ndi kamuzu ka mankhwala: amanena kuti mayi ake a Kamuzu Banda anaima atamwa mizu ya sing'anga. La Hastings analitenga pobatizidwa, kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Taonani lomwe linapambana. Palibe amene amati ndikupita ku chipatala cha Hastings. Mwini dzina la bwalo la zamasewero la ku Area 48 anabadwa mu 1934 ali Brightson Webster Ryson Thom, n'kudzasankha yekha kukhala Bingu wa Mutharika, pa nthawi yomwe ophunzira ambiri a mu Africa ankavula mayina achizungu.

Koma chomwe chimandigwira mtima ndi cha Lazarus Chakwera, wobadwira m'boma lomwe lino mu 1955. Anyamata awiri obadwa iye asanabadwe anamwalira ali makanda, ndiye bambo ake anamutcha Lazaro, munthu uja anatuluka m'manda, pokhulupirira kuti uyu akhala moyo. M'Chiheberi dzinalo ndi Eleazara, Mulungu wathandiza. Kutcha kwake n'kwa Chichewa chenicheni: mwana wobadwa pambuyo pa maliro, dzina lake n'kuyankha imfa. Chinasintha n'chakuti mmalo modandaula, dzinalo linayembekeza zabwino, ndipo makolo a lero atengera kumeneko. Pasikelo ku Kawale kapena ku Area 25 namwino akamaitana makadi, mumva Tadala, Takondwa, Madalitso, Pemphero, Favour ndi Blessings. Maliro simumumvanso.