Goli litachoka, ndani analandira chipukuta misozi?

Pa malamulo, kumasula munthu ku ukapolo ndi kuthetsa mphamvu imene wina ali nayo pa thupi, thukuta ndi ana a mnzake, kuti amene ankawerengedwa pamodzi ndi ziweto akhale ndi banja lovomerezeka, chuma chakechake, mawu m'bwalo la milandu komanso ufulu wokana ntchito. Mayiko a ku Ulaya anatengera ganizoli ku malamulo a Aroma akale, kumene bambo ankalamulira mwana wake ngakhale atakula, ndipo mwanayo ankachoka m'manja mwake pokhapokha bamboyo atachita mwambo womugulitsa mwachiphamaso katatu. Kapolo nayenso ankamasulidwa mwa kufuna kwa mbuye wake, koma ankatsalabe ndi udindo womulemekeza ndi kumugwirira ntchito zina. Choncho kuyambira kalekale womasula anali yemwe uja womanga, ndipo ndiye ankaika malire a ufuluwo.

Zimenezi zikuonekera poyera m'mbiri ya Britain. Dzikoli linaletsa malonda a akapolo mu 1807, koma amene anali kale m'minda ya nzimbe ku Jamaica ndi ku Barbados anapitiriza kugwira ukapolo. Pa nyengo ya Khirisimasi mu 1831, dikoni wa mpingo wa Baptist, Samuel Sharpe, anatsogolera akapolo zikwizikwi a ku Jamaica kukana ntchito yopanda malipiro. Minda inatenthedwa, asilikali anapha anthu mazanamazana, ndipo Sharpe ananyongedwa mu 1832. Patangotha chaka chimodzi, nyumba ya malamulo ku London inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1834 ndipo linakhudza anthu pafupifupi 800,000. Aliyense amene amafotokoza nkhaniyi potchula phungu wolimbana ndi ukapolo William Wilberforce yekha amawalanda akapolowo mbali yawo, chifukwa kuukira kwawo n'kumene kunaonetsa aphungu kuti kusunga ukapolo kudzawadyera magazi ndi ndalama zambiri.

Koma taonani mmene lamulolo linagawira zinthu. Boma linapatula mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi, ndipo ndalama zonsezo zinapita kwa eni akapolo chifukwa chotaya chimene lamulo linkachiona ngati katundu wawo. Omasulidwawo sanalandire kalikonse, ngakhale kachigawo ka munda. M'madera ambiri ana osakwana zaka 6 okha ndiwo anamasuka nthawi yomweyo, pamene akuluakulu anauzidwa kuti ayambe aphunzira kukhala mfulu pogwirabe ntchito kwa ambuye omwewo masiku ambiri a sabata popanda malipiro. Ku Jamaica ndi ku Barbados dongosolo lochititsa manyazili linatha pa 1 Ogasiti 1838 anthu atalikana mwamphamvu.

Ku Haiti akapolo sanadikire chifundo cha wina aliyense. Anaukira mu 1791, anagonjetsa magulu ankhondo a France, ndipo pa 1 Januwale 1804 analengeza dziko lodziimira palokha. Komabe mu 1825 France inatumiza zombo zankhondo n'kulamula Haiti kuti ilipire mafuranki 150 miliyoni kwa atsamunda amene anataya minda yawo, ngongole imene inafinya dzikolo kwa mibadwo ingapo. Ku United States, chilengezo chomasula akapolo cha Pulezidenti Abraham Lincoln cha pa 1 Januwale 1863 chinakhudza madera oukira boma okha, ndipo ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse mu 1865. Malo amene mabanja ena omasulidwa anapatsidwa m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina ndi ku Georgia, Pulezidenti Andrew Johnson anawabwezera ambiri kwa eni ake akale.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Kuchokera ku Nkhotakota, kumene kunkalamulira a Jumbe, anthu ankawolotsedwa nyanja n'kuyendetsedwa m'magoli mpaka ku doko la Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo malondawa anafooketsedwa kwenikweni pamene asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a Britain, anagonjetsa Mlozi, wamalonda a akapolo, ku Karonga n'kumunyonga mu 1895. Kumeneko kunali kupulumuka kwenikweni, ndipo sitiyenera kukupeputsa. Komatu boma lomwelo linavomereza kuti azungu atenge malo aakulu ku mapiri a Shire, linaika msonkho wa nyumba, ndipo linalola thangata, kumene munthu ankagwira ntchito pa esiteti ngati lendi ya malo amene ankakhalapo. Alomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ndiwo anamva kuwawa koposa, chifukwa analibe kwina kolowera. Palibe lamulo limene linkawatcha akapolo, koma wokana ntchito ankathamangitsidwa pamalopo pamodzi ndi banja lake. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe analunjika pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, imodzi mwa malo amene thangata inali yowawitsitsa, patangopita zaka 19 chinyongedwere Mlozi.