Chuma cha udzu wa m'nyanja chili m'matope

Msodzi wina wa ku Malombe anandifunsapo kuti ife ofufuza za m'madzi timauderanji nkhawa udzu wa pansi pa nyanja, pomwe kwa iye ndi chinthu chongolemetsa khoka. Ndinamuyankha za chambo. Koma yankho lina lili kutali ndi Mangochi, kunyanja zamchere.

Kumeneko, m'madzi osaya a m'mbali mwa gombe, mumamera udzu wa mitundu pafupifupi 70. Si ndere ayi: uli ndi mizu, umachita maluwa, umabala njere. Kwa anansi athu ku Mozambique, kuzilumba za Bazaruto ndi Inhaca, ulipo wambiri, ndipo ndiwo chakudya cha nyama ya m'madzi yotchedwa dugong. Malo amene udzuwu umamera sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 500 a pansi pa nyanja zonse, komabe pa kaboni (amene akachuluka mumlengalenga amatenthetsa dziko) yense amene amakwiririka m'matope a nyanja chaka chilichonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 amakwiririka pansi pa udzu umenewu.

Zimatheka bwanji? Masamba amayamwa mpweya wa kaboni wosungunuka m'madzi, monga chimanga chichitira kumunda. Apo palibe chachilendo, poti masamba amathothoka, kudyedwa, kuwola, mpweya n'kubwerera. Chinsinsi chili pansi. Udzu ukachindikala umafooketsa mafunde, ndiye tizinyalala toyandama timatsika n'kudikha. Pafupifupi theka la kaboni wa m'matopewo sachokera n'komwe ku udzuwo, ndi wobwera amene wangokodwa. Mizu imaluka matopewo kuti asakokoloke, ndipo poti m'katimo mulibe mpweya wa okosijeni, zinthu siziwola msanga. Taganizani manyowa amene mwakwirira koma osapsa, chaka ndi chaka mukuthirapo ena. M'nyanja ya Mediterranean, mtundu wotchedwa Posidonia waunjika mizu ndi matope okuya mamita angapo kwa zaka masauzande.

Ndiye mukazula udzuwo, mwataya zambiri kuposa masamba. Mwatsegula nkhokwe. Matope amavunduka, okosijeni amalowa, kaboni wakalekale n'kuyamba kutuluka. Ku Shark Bay ku Australia, madzi atatentha modetsa nkhawa mu 2010 ndi 2011, udzu wambiri unafa. Kwina umaphedwa ndi madzi amatope ochokera m'minda, amene amatchinga dzuwa, kapena makoka okwekweretsa pansi. Bungwe la United Nations linachita kuika 1 Malichi kukhala tsiku lokumbukira udzuwu, ngakhale kuno tsikulo limangodutsa mwakachetechete.

Ndisakusokeretseni: udzu wa m'nyanja yathu ndi wamtundu wina, ndipo matope a madzi opanda mchere amatulutsa mpweya wa methane, womwenso umatenthetsa dziko, wambiri kuposa a kunyanja yamchere. Choncho amene angakuuzeni kuti Malombe tigulitsa kaboni, kutanthauza kulipidwa chifukwa chosunga kaboni m'matope, ngati anthu a kugombe la Kenya, mufunseni kawiri.

Chofanana ndi kachitidwe ka khoka. Makoka a kambuzi ndi nkacha atachuluka pa Malombe, udzu wa pansi unaphwasuka limodzi ndi malo amene chambo chimaswerana ndi kubisa ana ake. M'zaka za m'ma 1980 chambo chinkagwidwa matani masauzande pachaka m'nyanja imeneyi. Pofika m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu, ndipo msodzi uja, amene nthawiyo anali mnyamata wokoka nawo zingwe, akuti akukumbukira udzu ukuwunjikidwa pamchenga pamodzi ndi nsomba.