Musanasaine fomu ya magazini, sungani kope lovomerezedwa

Kuno ku Zambia, lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza nkhani ya kafukufuku ikangolembedwa, ndipo chitetezocho chimapitirira kwa zaka 50 wolemba atamwalira. Koma ofufuza ambiri amataya umwiniwo tsiku limodzi. Nkhani ikavomerezedwa, magazini imatumiza fomu yosamutsa copyright, munthu ali pachimwemwe n'kungosaina osawerenga. Kuyambira pamenepo, PDF yokhala ndi chizindikiro cha kampani yosindikiza ndi manambala a masamba simungaigawe mwaufulu. Ndiye chifukwa chake mu 2017 makampani monga Elsevier anakakamiza ResearchGate, webusaiti imene ofufuza amagawanirapo nkhani zawo, kuchotsa nkhani zambiri zimene eni ake anaikapo okha.

Nkhani imodzi imakhala ndi makope atatu: limene munatumiza poyamba, limene linavomerezedwa mutakonza zonse zimene oiunika anapempha, ndi losindikizidwa. Lofunika kwambiri ndi lapakatilo, lotchedwa accepted manuscript. Mawu ake ndi pafupifupi omwewo a losindikizidwa, kusiyana kwakukulu ndi kayalidwe ka masamba, ndipo magazini ambiri amalola kuliika m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite, monga DSpace ya UNZA, kawirikawiri pakapita miyezi 12 kapena 24. Vuto ndi lakuti kopeli limasowa. Limatsalira mu imelo ya amene ankalemberana ndi mkonzi, kapena mu laputopu imene inawonongeka kalekale. Tsiku lomwelo lovomerezedwa, sungani fayilo ya Word ija, lembanipo deti, ndipo tumizirani anzanu onse amene munalemba nawo.

Kuti mudziwe zimene magazini imalola, lembani dzina lake kapena ISSN (nambala yozindikiritsa magaziniyo) pa webusaiti ya Open Policy Finder, imene kale inkatchedwa Sherpa Romeo. A ku laibulale angaike nkhani yanu lero ndi kuitchera kuti idzatseguke nthawi yoletsedwayo ikatha.

Musanasaine, funsani ngati mungapereke chilolezo chosindikiza chokha, umwini n'kukhalabe wanu; chikalata cha SPARC Author Addendum, chimene mumaphatikiza pa fomuyo, chinapangidwa kuti chikuthandizeni kusunga ena mwa maufulu anu. Ngati ndalama za kafukufuku zinachokera ku Wellcome kapena ku Gates Foundation, iwo amafuna laisensi ya CC BY, yolola aliyense kugawa ndi kugwiritsa ntchito nkhaniyo bola atchule wolemba, choncho auzeni akonzi potumiza pomwe. Ophunzira a masters ndi PhD aonetsetse kuti fomuyo ikuwalola kuika nkhaniyo m'thesis yawo, chifukwa nayonso idzaikidwa pa intaneti. Onaninso kontrakiti yanu ya ntchito: zolembedwa pa ntchito zimatha kukhala za yunivesite, ndipo simungapereke kwa magazini chinthu chimene si chanu.