Mafunso ndi mayankho pa lamulo latsopano la masampulo a RNA

Chiyambire lamulo latsopano lolandirira masampulo a RNA (uthenga wokoperedwa kuchokera ku majini a m'maselo), pakhomo pa labotale yathu sipakutha anthu. Ena amafika atanyamula bokosi la ayezi kwinaku nkhope itakwinyika, ena amatumiza mauthenga pakati pa usiku, koma mafunso ake ndi omwewo. Tawasonkhanitsa pano kuti ogwira ntchito athu apumeko kuyankha chinthu chimodzi kakhumi. Lamulolo mwachidule likuti: sampulo iliyonse iyambe yayezedwa ngati ili bwino isanalowe m'makina a qPCR kapena a RNA-seq (njira ziwiri zoyezera kuchuluka kwa RNA), sampulo imene RIN yake (nambala yosonyeza ngati RNA ili yathunthu) ili pansi pa 7 siingolandiridwa, gulu lililonse la kafukufuku likhale ndi masampulo osachepera 3 ochokera ku zamoyo zosiyana, ndipo ndalama yoyezera imalipidwa ngakhale sampuloyo ikanidwe.

Kodi kwenikweni mumayeza chiyani?

Timayeza kuchuluka kwa RNA imene jini linalake lapanga. Selo la m'chiwindi ndi selo la muubongo wa munthu mmodzi ali ndi DNA imodzimodzi, majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, koma lililonse limayatsa ena n'kuzimitsa ena. Jini likayaka, uthenga wake umakoperedwa n'kukhala mRNA, ndipo mRNA ndi imene selo limawerenga popanga puloteni. Ife timagwira uthengawo uli panjira. Majini ake ndi a m'maselo, osati aja ogwera anthu, poti wina anafunsadi.

Mumalandira masiku anji?

Lolemba mpaka Lachinayi, m'mawa basi. Lachisanu ayi.

Ndakhala ndikugwira DNA zaka zambiri osavutika. Bwanji mukukhwimitsa chonchi pa RNA?

Chifukwa DNA ndi yopirira pomwe RNA siichedwa kuphwasuka. Ma enzyme otchedwa RNase, amene ntchito yawo ndi kudula RNA, ali paliponse: pakhungu, m'thukuta, m'malovu, patebulo. Ena mwa iwo, monga RNase A, safa msanga ngakhale muwaphike mu autoclave, chipangizo chophera tizilombo ndi nthunzi yotentha kwambiri. Timaona tsiku ndi tsiku munthu atavala magolovesi bwinobwino, foni yalira, waigwira, wakanda pamphuno, kenako n'kutsegula kachubu ndi dzanja lomwelo. Pamenepo ntchito ya mlungu wonse yapita, ngakhale madzi a m'kachubumo akuoneka oyera mbee.

Chinanso chimene ambiri amaiwala n'choti kachidutswa ka chiwalo kakadulidwa, maselo ake safa nthawi yomweyo. Amayamba kulimbana ndi kusowa kwa mpweya, n'kuyatsa majini amene sanali oyaka nyamayo ili moyo. Mukachedwa kukaumitsa mu naitrojeni wamadzi kapena kukaviika m'mankhwala osungira RNA, zimene tidzayeze ndi kuchedwa kwanuko. N'chifukwa chake pafomu pali malo olembapo nthawi imene munatenga sampulo ndi nthawi imene inalowa mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Malowa musamawadumphe.

NanoDrop inandipatsa 2.0. Mwaikaniranji sampulo yanga?

Nambala ya 260/280, imene makina a NanoDrop amapereka poyeza mmene sampulo imamwera kuwala, ikafika pa 2.0 imangosonyeza kuti RNA yanu ilibe zinyalala zambiri za mapuloteni. Siinena ngati RNA ili yathunthu. Kalata yong'ambidwa tizidutswatizidutswa imalemera chimodzimodzi ndi kalata yabwino, koma simungaiwerenge chimodzimodzi. RIN ndi muyezo wa kampani ya Agilent, woyambira pa 1 kufika pa 10, ndipo makina a Bioanalyzer amaupeza poona mmene RNA yayalikira, makamaka nsonga ziwiri za RNA ya m'ma ribosome (tizigawo ta selo topanga mapuloteni), 18S ndi 28S. Nsongazo zikaphwa n'kusanduka chigulu cha tizidutswa, RIN imatsika.

Pa RNA-seq vutoli limakula chifukwa njira yodziwika kwambiri imakola mRNA pogwira kumchira kwake, kumene kuli mzere wa ma A. Ngati uthengawo unaduka pakati, timatsala ndi mchira wokha, ndipo majini aatali amaoneka ngati azima pamene sanazime.

Tivomereze kuti 7 si nambala yochokera kumwamba. Malabotale ena amafuna 8, ena amalandira pansi pa 7. Palinso masampulo amene RIN imawanamizira. Mwa tizilombo touluka tambiri, 28S imagawika pawiri ikatenthedwa, ndiye RNA yabwinobwino imaoneka ngati yowonongeka. Masamba a zomera amaonetsa nsonga zowonjezera zochokera ku ma chloroplast, tizigawo ta selo topanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Ziwalo zosungidwa mu formalin ndi phula zimakhala ndi RIN yotsika mwachibadwa, ndipo pa izi timagwiritsa ntchito DV200, imene imawerenga gawo la tizidutswa totalika kuposa ma nucleotide 200 (timagawo timene timalumikizana kupanga RNA). Ngati sampulo yanu ili m'magulu amenewa, lembani pafomu. Ifeyo sitingalote kuti m'kachubu muli udzudzu.

Sampulo yanga yakanidwa koma bilu yabwera. Nanga zotsatira zikapanda kutuluka, mumabweza ndalama?

Funso limeneli ndi limene latilandiritsa mawu opweteka kwambiri, ndiye tiliyankha mofatsa, ngakhale tikudziwa kuti yankho lake silikomera onse.

Malipiro ali pawiri. Oyamba ndi oyezera ngati sampulo ili bwino. Kachipangizo kamene timathiramo RNA mu Bioanalyzer kamanyamula masampulo 12 ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha; kakatuluka m'makina timakataya. Mankhwala ake amatha kaya sampulo yanu yadutsa kaya yagwa. Ndalama imeneyi sitibweza, ndipo pamenepa palibe zokambirana. Ena akuti tikupindula ndi kukana masampulo. Zimenezo si zoona: sampulo ikakanidwa, ife timataya ntchito yaikulu imene tikanalipidwa.

Achiwiri ndi a ntchito yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene pali povuta. Nthawi iliyonse tikamayendetsa makina timaikamo RNA yathu yodziwika bwino pambali pa masampulo anu. Ngati RNA yathuyo nayonso yalephera, ndiye kuti vuto lili kwa ife, kaya ndi makina kaya ndi mankhwala, ndipo timabwereza osakulipitsani, malinga ngati RNA yanu yatsalako. Ngati yathu yatuluka bwino koma yanu ayi, kawirikawiri bilu imakhala yanu. Tikuti kawirikawiri chifukwa pali nkhani zina zosagawika msanga. Sampulo ikhoza kudutsa pa RIN koma ili ndi zotsalira za phenol (mankhwala otsukira RNA), kapena heparin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ngati magazi anatengedwera m'machubu a heparin, ndipo zimenezi zimatsamwitsa PCR, njira yochulukitsira DNA imene makina athu amadalira. Kodi pamenepo wolakwa ndi amene anatsuka RNA mosalongosoka, kapena ife amene tinailandira? Nkhani zotere amaziona ndi oyang'anira labotale, imodziimodzi, ndipo sitingakulonjezeni pano mmene adzagamulire. Tingonena kuti amene analemba zoona pafomu nkhani yake imayenda mosavuta kusiyana ndi amene anasiya malo osalemba.

Pali ena amene RIN yawo imagwera pakati pa 5 ndi 7, ndipo sangathe kutenganso sampulo ina. Amenewa timawalola kupitiriza ngati woyang'anira kafukufuku wawo wasaina kuti akudziwa chimene chingachitike. Mukasaina, zotsatira zikatuluka zosathandiza, musadzabwere kudzafuna ndalama. Tikudziwa kuti pena wophunzira amauzidwa kuti angopitiriza, kenako zinthu zikalakwika mlandu n'kumugwera yekha. N'chifukwa chake siginecha timafuna ya woyang'anira, osati ya wophunzira.

Ngakhale pamene vuto lili lathu, chimene timapereka nthawi zambiri ndi kubwereza ntchito, osati ndalama m'manja. Kubweza ndalama kumadutsa ku ofesi ya zachuma, imene ife sitiilamulira, ndipo sitinganene kuti kumatenga nthawi yaitali bwanji.

Pomaliza pa funsoli: ngati makina agwira bwino ntchito koma jini lanu silinasinthe pakati pa magulu awiriwo, zimenezo ndi zotsatira. Sitinalephere. Wina anatilemberapo kuti timubwezere ndalama chifukwa zotsatira sizinagwirizane ndi zimene ankayembekezera.

Kodi lamuloli likuthandizadi ofufuza?

Kwambiri. Kuyeza RNA koyambirira n'kotsika mtengo poyerekeza ndi RNA-seq, ndipo ndi bwino kumva nkhani yoipa lero kusiyana ndi kudzaimva kwa ounika pepala lanu patapita chaka. Sitinazipeke tokha izi. Malangizo a MIQE, amene Stephen Bustin ndi anzake anatulutsa mu 2009 m'magazini ya Clinical Chemistry, amafuna kuti aliyense wofalitsa zotsatira za qPCR anene mmene RNA yake inalili ndi mmene anaiyezera.

Ndathira sampulo yanga m'timaenje titatu. Si masampulo atatu amenewo?

Ayi. Mbewa imodzi mukaiyeza katatu ikadali mbewa imodzi. Timaenje titatu ta pambale ya qPCR tochokera m'kachubu kamodzi timangoonetsa ngati dzanja lanu lili lokhazikika pogwira pipette, kachipangizo kopimira timadzi. Chimene kafukufuku amafuna kudziwa ndi kusiyana kwa mbewa ndi mbewa inzake, wodwala ndi wodwala mnzake. Kwa amene mukulima maselo m'mbale, tikufuna maselo olimidwa padera, makamaka masiku osiyana, osati mbale imodzi yogawidwa patatu. Kusakaniza RNA ya nyama zisanu m'kachubu kamodzi kumakupatsaninso sampulo imodzi.

Ndipo 3 ndi poyambira chabe. Ngati kusintha kumene mukufunafuna n'kochepa, masampulo atatu sadzakuonetsani. Amene muli ndi matenda osowa kwambiri moti odwala atatu sangapezeke, tilembereni, sitikukana kumva.

Bwanji mukukana GAPDH yokha? Aliyense amagwiritsa ntchito imeneyo.

Mu qPCR, kuchuluka kwa jini lanu kumayerekezedwa ndi jini lina limene mukukhulupirira kuti silisintha. GAPDH ndi jini la enzyme yophwanya shuga m'selo, ndipo limakwera maselo akamasowa mpweya. Ngati mukufufuza chotupa cha khansa kapena chilichonse chokhudza mpweya ndi shuga, sikelo yanu ikuyenda limodzi ndi chimene mukuyeza. Tikufuna majini oyerekezera osachepera awiri, ndi umboni woti ndi okhazikika m'masampulo anuwo, osati m'pepala la munthu wina amene ankafufuza chiwalo china.

Kumbukirani kuti mu PCR zinthu zimawirikiza kawiri pa ulendo uliwonse, moti kusiyana kwa Ct imodzi yokha (Ct ndi nambala ya maulendo amene amapita jini lisanayambe kuoneka m'makina) ndi kusiyana kowirikiza kawiri. Njira ya masamu imene Livak ndi Schmittgen anafotokoza mu 2001, imene pafupifupi nonse mumagwiritsa ntchito, imadalira kuti ma primer onse (tizidutswa ta DNA tolozera jini loti lichulukitsidwe) akuwirikizadi choncho. Tidzakufunsani umboni woti anu akugwira pakati pa 90 ndi 110 peresenti. Tidzafunanso kachubu kamodzi kopanda reverse transcriptase, enzyme imene imasandutsa RNA kukhala DNA yoti makina awerenge. Kachubu kameneko kakaonetsa kanthu, ndiye kuti mukuwerenga DNA yotsalira, osati uthenga wa jini.

mRNA ikakwera, ndiye kuti puloteni nayo yakwera?

Si nthawi zonse. Selo limatha kusunga uthenga osauwerenga, kapena kuphwanya puloteni ikangopangidwa. Kuti munene za puloteni, yezani puloteniyo. Ife ntchito imeneyo sitigwira.

Zikumveka kuti firiji yanu inazima ndipo lamuloli mwaliika pofuna kubisa zimenezo. Ndi zoona?

Firiji imodzi inazimadi usiku wina, ndipo alamu yake sinafike kwa amene anayenera kuimva. Masampulo ena anasungunuka. Eni ake tinawauza, ngakhale tikuvomera kuti ena tinachedwa kuwauza. Alamuyo inakonzedwa. Koma lamuloli linali litakambidwa kale zimenezo zisanachitike, ndipo silikugwirizana nazo. Chimene chasintha chifukwa cha ngoziyo ndi chimodzi: tsopano tikupempha kuti mugawe RNA yanu pawiri, theka mutipatse, theka musunge kwanu. Zimenezi zimathandizanso kuti RNA isamasungunulidwe ndi kuumitsidwa mobwerezabwereza, zomwe nazonso zimaiwononga.

Masampulo a anthu mukulandira?

Inde, koma pokhapokha atabwera ndi kalata ya chilolezo yochokera ku komiti yoona za ufulu wa anthu ochitidwa kafukufuku. Pakachubu pakhale nambala yokha, dzina ayi. Ena amaganiza kuti RNA siingaulule munthu. Imatha: zimene RNA-seq imawerenga zimakhala ndi tizizindikiro ta chibadwa cha mwini wake. Kachubu kolembedwa dzina timakabweza pakhomo pomwepo osakatsegula.

Tsiku lopereka pepala langa layandikira. Simungandidumphitse pamzere?

Ayi, ndipo chonde musamapemphe ogwira ntchito athu mmodzimmodzi kuseri, chifukwa alibe mphamvu imeneyo ndipo mumangowaika pamavuto. Mzere umayamba kuwerengedwa tsiku limene sampulo yanu yadutsa poyezedwa, osati tsiku limene munatumiza uthenga. Ikakanidwa, mukabwera ndi ina mumayambiranso kumbuyo. Amene ali ndi masampulo ambiri angachite bwino kubweretsa kaye awiri kapena atatu kuti tione ngati njira yawo yotsukira RNA ikugwira, asanathe mankhwala pa onse. Bwerani nawo pa dry ice (ayezi wouma wa carbon dioxide), zolemba pakachubu zikhale za peni yosafufutika ndi chinyezi, ndipo fomu ikhale kunja kwa bokosi.