Zionetsero za maboti: mmene zinayambira ndi chimene chinapha zina mwa izo

Mu Meyi 2018, bungwe la British Marine, lomwe limaimira makampani opanga ndi kugulitsa maboti ku Britain, linalengeza kuti chionetsero cha maboti cha ku London cha 2019 sichichitika. Mpaka pano sichinabwerenso. Chinali chitatha zaka zoposa 60, ndipo cha Januwale 2018 anali atachifupikitsa kale kuchoka pa masiku khumi kufika pa asanu, pofuna kupeputsa mtolo wa makampani. Bungwelo linati makampani ambiri sanaonetse chidwi chodzatenganso malo. Anthu a m'malondawa amakanganabe za chomwe chinapha chionetserochi. Ena amaloza intaneti, ena amaloza kusamuka kwake, ena amati mitengo ya maboti inathamangitsa ogula wamba. Onsewo ali ndi mfundo, koma nkhani imamveka bwino tikayamba ndi ntchito yomwe chionetsero chinkagwira poyamba.

Chionetsero cha ku New York chinayamba mu 1905, ndipo ambiri amachitenga ngati chakale kuposa zonse. Cha ku Paris chinayamba mu 1926, cha ku Miami mu 1941, cha ku London kumapeto kwa Disembala 1954 ku holo ya Olympia, cha ku Genoa mu 1962, pomwe cha ku Düsseldorf ndi cha ku Southampton zinayamba mu 1969. Zambiri mwa zoyambirirazo zinkachitikira m'holo, pakati pa mzinda, m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pomwe kumpotoko kumazizira moti palibe amene amayenda panyanja. Sikunali kulakwitsa. Wopanga maboti amalipira amisiri chaka chonse, chonsecho ogula amafuna boti lawo lilowe m'madzi cha mu Epulo kapena Meyi. Oda ya mu Januwale, limodzi ndi ndalama yoyamba yomwe wogula amasiya, ndi yomwe inkagulira matabwa, utomoni ndi injini, komanso inkauza fakitale kuti ipange maboti angati. Kampani yaing'ono inkatha kudziwa m'masiku khumi ngati ipulumuke chaka chimenecho.

Mu Januwale 1959, Clinton Pearson ndi msuweni wake Everett anapita ku New York ndi boti la matanga lotchedwa Triton, lotalika mamita 8.6, lomwe anajambula ndi Carl Alberg. Linali la fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, pa nthawi yomwe ambiri ankakhulupirirabe matabwa. Anabwerako ndi maoda 17, kampani n'kuimirira. Mu 1971, pa chionetsero chomwecho, Laser ya Bruce Kirby, kaboti ka munthu mmodzi kotha kunyamulidwa pamwamba pa galimoto, inagulitsidwa pa madola 695, ndipo maboti 144 anapeza eni ake pomwepo. Ku London mu 1963 kunatuluka Mirror, kaboti ka mamita 3.3 ka Jack Holt ndi Barry Bucknell, komwe munthu ankagula zidutswa zake pa mapaundi 63 ndi mashileni 11 n'kukadzilumikizira kunyumba: zidutswa za pulayiwudi zinkasokedwa ndi waya wa kopa, m'misoko n'kumatamo tepi ndi utomoni. Matanga ake anali ofiira chifukwa nyuzipepala ya Daily Mirror ndi yomwe inkathandiza ntchitoyo, chikhalirecho chionetserocho chinkathandizidwa ndi mpikisani wake, Daily Express. Maboti a Mirror oposa 70,000 anapangidwa.

Maboti atatuwa anali a munthu wa pa ntchito wamba, ndipo anali osavuta kubweretsa m'holo. Apa ndi pomwe zinthu zinasinthira kwambiri.

Taonani zomwe zimafunika kuti boti la matanga la mamita 12 lifike m'holo lero. M'lifupi limakhala pafupifupi mamita 4, pomwe malire a katundu wa pamsewu m'maiko ambiri a ku Europe ndi mamita 2.55. Ndiye kuti pafunika chilolezo chapadera, galimoto yoperekeza, ndipo nthawi zambiri ulendo wa usiku. Mlongoti umazulidwa n'kugonekedwa. Ngati milatho ya panjira ili yotsika, chitsulo cholemera cha pansi pa boti, chomwe chimaliteteza kuti lisagubuduke, chimamasulidwa n'kudzamangidwanso likafika. Kireni imafunika ponyamuka, pofika, ndi pobwerera. M'holo, maboti amalowa motsata ndondomeko ya eni chionetsero, ndipo lole ikachedwa maola ochepa chabe, malo omwe inayenera kudutsa amakhala atatsekedwa ndi boti la kampani ina. Malamulo a moto amafuna kuti m'thanki musakhale mafuta ambiri ndipo mabatire achotsedwe mawaya. Boti likaima pa choimikira chake, pamwamba pake pamakhala pafupifupi mamita atatu kuchoka pansi, choncho pamafunika nsanja yamasitepe ndi zogwirira. Onjezanipo malo olipiridwa pa sikweya mita iliyonse, magetsi, kapeti, inshulansi, mahotela ndi chakudya cha antchito kwa sabata ziwiri. Ngakhale alendo amavula nsapato, anthu masauzande akadutsamo boti limatuluka ndi zokala pa utoto, mahinje ogwedera, ndi zotsekera makabati zothyoka. Boti lotere kawirikawiri limagulitsidwa motsika mtengo monga loonetsedwapo kale.

Ndalama zonsezi sizichokera kumwamba. Zimagawidwa pa maboti omwe kampani yagulitsa chaka chimenecho. Wogulitsa maboti aang'ono mazanamazana samva kulemera kwake. Wogulitsa maboti akuluakulu makumi awiri amakumva, ndipo wogula ndi amene amalipira.

Ku London, chionetsero chitachoka ku Olympia chinakhazikika ku Earls Court. Holo imeneyi inali ndi dziwe lalikulu pakati, pansi pake pankatsitsidwa ndi makina n'kudzazamo madzi, ndipo chaka ndi chaka ankamangapo doko loyerekezera ndi maboti oyandama. Mu 2004 chinasamukira ku ExCeL, m'mbali mwa Royal Victoria Dock, komwe kunali malo aakulu komanso maboti akuluakulu ankatha kufika pamadzi. Pa mapepala zinali zanzeru. Koma alendo ambiri a ku Earls Court ankabwera kudzacheza pakati pa mzinda, kugula nsapato za paboti, zingwe ndi majekete, ndipo ku ExCeL ankadandaula za mtunda ndi mphepo ya Januwale ya padoko. Alendo anayamba kuchepa, ogulitsa tizipangizo n'kuyamba kusiya, ndipo kusiya kwawoko kunachepetsanso alendo. Nayo Düsseldorf, yomwe imatsegula mwezi womwewo, inkakoka makampani omwe sakanatha kunyamula maboti kupita kuwiri.

Mitengo ya maboti ili ndi mbiri yakeyake. Mu 1991 dziko la America linayamba kudula msonkho wa 10 peresenti pa gawo la mtengo wa boti lopitirira madola 100,000. Olemera anangosiya kugula atsopano, mafakitale anachotsa antchito, ndipo msonkhowo unathetsedwa mu 1993. Nkhonya yaikulu inabwera mu 2008. Ogulitsa maboti sagula katundu wawo ndi ndalama zam'thumba. Amatenga ngongole ku kampani yobwereketsa, yomwe imalipira fakitale, iwo n'kumapereka chiwongoladzanja mwezi uliwonse mpaka boti litagulidwa, ndipo likakhalitsa amayamba kubweza gawo la ngongole yeniyeniyo. Chuma chitasokonekera, ena mwa obwereketsawo, monga Textron Financial, anasiya malondawa. Ogulitsa ambiri anatseka, kampani yaikulu yopanga maboti ya Genmar inagwa mu 2009, ndipo maboti a injini atsopano ogulitsidwa ku America anatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi 2006.

Makampani omwe anapulumuka anatengapo phunziro limodzi: kupanga ochepa, koma aakulu. Ntchito yoika injini, mawaya ndi chiwongolero pa boti la mamita 6 siisiyana kwenikweni ndi ya pa boti la mamita 9, koma phindu limasiyana kutalitali. Komanso fibreglass siola ngati thabwa. Triton wa mu 1959 atha kukhala akuyandamabe lero, choncho wopanga boti laling'ono lotsika mtengo amapikisana ndi maboti akale omwe ali mbwee pamsika pa mtengo wochepa. Injini nazo zinakula. Yamaha inatulutsa ya kunja kwa boti ya 425 horsepower mu 2018, Mercury n'kutulutsa ya 600 mu 2021, ndipo si zachilendo kuona zitatu kapena zinayi zitandandalikidwa kumbuyo kwa boti limodzi. Munthu amene bambo ake anagula Laser pa chionetsero amalowa m'holo, kuwerenga zikwangwani za mitengo, n'kutuluka atangogula chipewa.

Za "mtengo wa pachionetsero" nazo n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa safunsa anadya phula. Mtengo wa pachikwangwani nthawi zambiri umakhala wa boti lopanda zowonjezera, lili pa fakitale. Ku Europe umatha kukhala wopanda VAT, yomwe ku Britain ndi 20 peresenti ndipo ku Germany ndi 19. Pamwamba pake pamabwera mayendedwe, kuimika mlongoti, kupaka utoto woletsa ndere pansi, nangula ndi tcheni, zida zoonetsa njira ndi kuya kwa madzi, nthawi zina ngakhale matanga ena. Boti lomwe mlendo wakwera limakhala litavekedwa zonsezi. Kuchotsera komwe amalengeza kumakhala zipangizo zaulere kapena ndalama yomwe fakitale yabwezera wogulitsa, ndipo wogula wolimba mtima amatha kuzipezabe patatha sabata zingapo chionetsero chitatha. Kutsika kwenikweni kumapezeka pa boti lomwe lakhalitsa kwa wogulitsa, likudya chiwongoladzanja. Kulizindikira n'kosavuta: nambala ya boti, yodindidwa kumbuyo chakumanja, imathera ndi manambala awiri osonyeza chaka cha mtundu wake.

Intaneti inachotsa ntchito ina yomwe chionetsero chokha ndi chomwe chinkagwira, yoika mitengo ya makampani osiyanasiyana pamalo amodzi. YachtWorld inayamba mu 1995, ndipo lero wogula amafika ataonera kale mavidiyo a mkati mwa boti, akudziwa mtengo wa latsopano ndi la zaka zisanu. Umboni womwe unawawa eni zionetsero unabwera ndi Covid-19. Cha ku Southampton cha 2020 chinalephereka, ndipo chaching'ono chomwe anakonza m'malo mwake chinaletsedwa madzulo oti mawa chikutsegulidwa, maboti ali kale pamalo. Düsseldorf sinatsegule mu 2021 ndi 2022. Koma mu 2020 momwemo, malinga ndi bungwe la opanga maboti ku America la NMMA, maboti a injini atsopano oposa 300,000 anagulitsidwa ku America, kuposa chaka china chilichonse m'zaka 13 za m'mbuyo mwake. Mafakitale analephera kukwaniritsa maoda, mitengo inakwera, ndipo akuluakulu owerengera ndalama anaona kuti agulitsa zonse osalipira kireni ngakhale imodzi ya kuchionetsero. Kunena zoona, chaka chimenecho chinali chapadera, anthu analibe kwina kopita, ndipo chiwongoladzanja chitakwera kuyambira 2022 maboti anayambanso kuunjikana kwa ogulitsa. Komabe funso loti kodi chionetsero n'chofunikadi linali litafunsidwa kale.

Si maboti okha. CeBIT ya ku Hannover, chionetsero cha makompyuta, inatha mu 2018. Baselworld, ya mawotchi, inagwa kampani ya Swatch Group itachoka, kenako Rolex ndi Patek Philippe mu 2020. E3, ya masewera a pakompyuta, inalengezedwa kuti yatha mu 2023, ndipo chionetsero cha magalimoto cha ku Geneva chinachitika komaliza kumeneko mu 2024. M'zambiri mwa izi njira inali yofanana: makampani aakulu, omwe amalipira malo ambiri ndi kukoka alendo, anaona kuti atha kuitanira okha ogula awo.

Komabe kunena kuti zionetsero za maboti zikutha n'kukokomeza. Zomwe zavutika kwambiri ndi za m'holo: Hanseboot ya ku Hamburg inatha mu 2017, London mu 2018, ndipo cha ku Paris cha 2023 chinalephereka. Za pamadzi zili moyo. Annapolis inayambitsa chionetsero cha maboti a matanga oyandama mu 1970, Cannes inatsatira mu 1977, Monaco mu 1991. Boti limafika lokha pamadzi, mlongoti uli chiimire, ndipo m'malo ena wogula amatha kulitulutsa kukaliyesa. Mu 2017 kampani ya Informa inalipira madola 133 miliyoni kugula kampani yomwe imayendetsa chionetsero cha ku Fort Lauderdale ndi zina za ku Florida, ndalama yomwe munthu sangaponye pa malonda akufa. Düsseldorf yapirira ngakhale ili ya m'holo, mwa zina chifukwa ili m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, pomwe maboti akuluakulu amafika pamadzi n'kunyamulidwa ndi makina otchedwa Big Willi, komanso chifukwa inasunga maholo a zosambira pansi pa madzi, usodzi ndi maulendo obwereka maboti, omwe amakoka anthu osafuna kugula boti.

Kwa wogula, chionetsero chikadali malo okhawo omwe angakwere maboti asanu a makampani osiyana tsiku limodzi, kuima m'chipinda n'kuona ngati mutu ukugunda denga, kutsegula pansi n'kuona ngati dzanja likufika pa mavavu a madzi ndi pa sefa ya mafuta. Chomwe sichionetsa ndi thanzi la kampani. Kampani ya Oyster inaonetsa boti lake lalikulu ku Düsseldorf mu Januwale 2018, mu Febuluwale n'kugwa, ndipo Bavaria inakalengeza kulephera kubweza ngongole mu Epulo chaka chomwecho. Makampani onsewa anapeza eni atsopano, koma omwe anali atalipirako kale anakhala miyezi osadziwa tsogolo la ndalama zawo. N'chifukwa chake odziwa malondawa amati ndalama yoyamba isungidwe mu akaunti yapadera ya makasitomala kapena itetezedwe ndi chikalata cha banki, zotsalazo zilipiridwe pang'onopang'ono motsata pomwe ntchito yafika, ndipo mgwirizano unene poyera kuti boti lomwe likumangidwalo limakhala la wogula kuyambira pa gawo liti la malipiro.