Limba la amphaka: linalikodi kapena ndi nkhambakamwa?

Ndikamaphunzitsa mbiri ya zida zoimbira, pali chithunzi chimodzi chimene chimasokoneza kalasi chaka chilichonse. Ndi bokosi lalitali logawidwa tizipinda, m'kachipinda kalikonse muli mphaka, mutu watulukira panja. Michira yonse aiwongolera kumene kuli makiyi onga a limba la kutchalitchi. Woimba akadina kiyi, msomali umatsika n'kubaya mchira, mphaka n'kulira. Amphakawo akuti ankawasanja potengera mawu awo, kuyambira chimphaka cha besi mpaka kamwana kolira mopyapyala. Ajeremani amachitcha Katzenklavier, kutanthauza piyano ya amphaka, ife tingoti limba la amphaka. Ophunzira amayamba aseka, ena kugwira pakamwa, kenako mmodzi amakweza mkono: "Aphunzitsi, zimenezi zinachitikadi?"

Kuti inde kapena ayi sindifulumira, chifukwa funsoli lili ndi mafunso awiri m'mimba mwake.

Tiyambe ndi mboni. Nkhani yakale kwambiri imene anthu amaitchula ndi ya mu 1549 mumzinda wa Brussels. Mfumu Charles V inkaonetsa mwana wake Philip kwa anthu a kumeneko, ndipo mzindawo unakonza chionetsero cha mumsewu. Juan Calvete de Estrella, wa ku Spain, amene anali nawo pa ulendo wa Philip, analemba za ulendowo m'buku lomwe linatuluka mu 1552. Pa ngolo ina, akutero, panali chimbalangondo chikuimba limba, koma m'malo mwa mapaipi munali amphaka, michira yawo itamangiriridwa ku makiyi ndi zingwe, nyama zina zikuvina. Onani kuti apa palibe msomali, n'zingwe chabe. Onaninso kuti sinali piyano, pakuti piyano anadzaipanga Bartolomeo Cristofori ku Florence cha m'ma 1700, patapita zaka pafupifupi 150.

Mboni imeneyi ine ndimaikhulupirira pang'ono ndithu. Yatchula malo, chaka ndi anthu amene analipo, ndipo ku Ulaya nthawi imeneyo kuzunza amphaka pa zikondwerero sichinali chachilendo. Munthu wovala chikopa cha chimbalangondo kukoka michira ya amphaka pa ngolo kuti khamu liseke, zimenezo sizifuna luso lililonse.

Nkhani yachiwiri ndiyo yotchuka, komanso ndiyo yonunkha nthano. Anthu amaigwirizanitsa ndi Athanasius Kircher, wansembe wa chipani cha Jesuit amene ankakhala ku Rome ndipo analemba buku lalikulu la za nyimbo mu 1650, ndi mnzake wogwira naye ntchito Gaspar Schott, amene anasindikiza chithunzi cha chidachi cha mu 1657. Akuti kalonga wina wa ku Italy anali ndi nkhawa yosatha, osamwetulira n'komwe, ndiye katswiri wina anamukonzera limba la amphaka, kalongayo n'kuphulika kuseka. Kalonga wake uti? Dzina palibe. Katswiriyo ndani? Palibenso. Mfumu yosaseka imene wochenjera wina anaiseketsa, aliyense amene anakulira pa mphasa madzulo agogo akuti "padangotero" akuizindikira nkhani yotere. Ilinso ndi mbale wake ku France, wonena za limba la nkhumba limene akuti anakonzera Mfumu Louis XI. Nyama yasintha, nthano ndi yomweyo.

Amene amandidabwitsa ine ndi dokotala. Johann Christian Reil wa ku Germany, yemwe mu 1808 anapeka liwu limene lero ndi psychiatry, dzina la udokotala wa matenda a maganizo, analemba mu 1803 kuti limba lotere lingathandize odwala amene maganizo awo sakhazikika pa chinthu chimodzi. Wodwalayo amukhazike moyang'anizana ndi amphakawo kuti aziona nkhope zawo akamalira, basi adzatcheru. Anali munthu wolemekezeka pa ntchito yake, ndipo sankaseka. Koma analemba ngati ganizo, osati ngati lipoti la chida chimene chili m'chipatala chake.

Ndiye kuwerengera zonse, tili ndi mboni imodzi ya chionetsero, nthano imodzi yopanda maina, zithunzi zojambula pamanja, ndi ganizo la dokotala. Limba lenilenilo, ngakhale thabwa lake limodzi, palibe nyumba yosungira zinthu zakale imene ili nalo. Zida zina zakale timazidziwa chifukwa zinatsala, kapena wozipanga anasiya miyeso yake, kapena pali nyimbo zolembedwera izo. Ili lilibe chilichonse mwa zimenezi.

Funso lachiwiri lija ndi limene limandikhudza monga munthu wa ntchito imeneyi: ngakhale bokosilo akanalikhoma, kodi likanakhala chida choimbira? Apa ndimakana. Chida choimbira ndi pangano pakati pa dzanja ndi khutu: ndikagwira apa, pamveka mawu awa, lero ndi mawa chimodzimodzi. N'chifukwa chake woimba ng'oma amaiwamba pamoto mpaka chikopa chikokeke, amamata phula pakati, kuimenya pang'ono, kumvetsera, kuchotsako kaphula, kumenyanso. N'chifukwa chake wa gitala amayamba wapotokola zingwe asanaimbe. Kutchuna ndiye mtima wa nkhaniyi. Tsono mphaka mumutchuna bwanji? Kulira kwake sikukhala pa noti imodzi, kumayambira m'munsi, kukwera, n'kutsetsereka. Mphaka wamantha salira ngati wanjala. Ndipo mnzake wa m'kachipinda koyandikana akangolira, iye sadikira kuti mudine kiyi yake. Musanafike pa mzere wachiwiri wa nyimbo, onse akukuwa pamodzi, ena asasa kale mawu. Chimene mwapanga ndi phokoso ndi nkhanza.

Akatswiri awiri, Erich von Hornbostel ndi Curt Sachs, mu 1914 anagawa zida zoimbira m'magulu anayi potengera chimene chimanjenjemera kuti mawu atuluke: thupi la chidacho ngati kalimba, chikopa ngati ng'oma, chingwe ngati bangwe, kapena mpweya ngati chitoliro. Ophunzira anga ndimawapatsa ntchito yoti aikemo limba la amphaka, ndipo amakangana mpaka belu kulira. Silikwana paliponse, chifukwa chotulutsa mawu si chidacho koma kholingo la chamoyo chimene chili ndi maganizo akeake.

Choncho wondifunsa ndimamuyankha motere: bokosi la amphaka pa ngolo ya ku Brussels likhoza kukhala loona, limba la amphaka loimba nyimbo yomveka ndi lopeka. Kulitcha "chida cha m'nthano" n'kulondola theka, chifukwa amene analilemba sankalemba nthano, ankati akufotokoza za dziko lenileni.

Loimba bwinobwino lilipo limodzi limene anthu analiona ndi maso. Mu 2010, ku Clarence House mumzinda wa London, woimba wina dzina lake Henry Dagg anaimba nyimbo yathunthu pamaso pa Charles wa ku Britain, panthawiyo asanakhale mfumu, yemwe anaseka mpaka kupukuta misozi. Amphaka ake anali zidole zolira ukazifinya, chilichonse atachitchuna pa noti yake.