Mawu akuti "struggle" sanena ndewu nthawi zonse

Womasulira akakumana ndi mawu a Chingelezi akuti "struggle", dzanja limathamangira kulemba "nkhondo" kapena "ndewu". Nthawi zambiri pamenepo amakhala waphonya. Phata la mawuwa ndi kuchita khama pomwe china chake chikukukaniza, kaya ndi munthu, matenda, ngongole kapena masamu a Fomu 4. Zibakera zikhoza kukhalapo, zikhozanso osakhalapo.

Tanthauzo losavuta kuliona ndi la thupi. Taganizirani mbuzi yomangidwa miyendo pa keliyala ya njinga ikupita kumsika: ikuphiriphitha, ikukoka chingwe, ikufuna kupulumuka. Mngelezi anena kuti "it is struggling", ngakhale mbuziyo sikumenya aliyense. N'chifukwa chake apolisi akalemba kuti m'nyumba munali "signs of a struggle", akunena za mipando yogubuduzika ndi malaya ong'ambika, zosonyeza kuti anthu anagwirana wina akukana. Mukamasulira kuti "anamenyana", mwasenzetsa mlandu onse awiri, chonsecho mwina mmodzi ankangofuna kudzipulumutsa. "Panali kulimbana" ndiye akukhala bwino, ndipo m'khoti kusiyana kumeneku si nkhani yamasewera.

Chinsinsi chachikulu chili pa kamawu kobwera pambuyo. "Struggle for" ndi kumenyera chinthu chomwe ulibe, monga ufulu, malo kapena mpando. "Struggle against" amatchula mdani, monga tsankho kapena umphawi. "Struggle with" nthawi zambiri amanena vuto lomwe munthu akukhala nalo. Mwana yemwe lipoti lake lalembedwa kuti "struggles with reading" sakukangana ndi aliyense, kuwerenga kukumuvuta basi. Chimodzimodzi "a struggling business" ndi bizinesi yomwe ikuyenda mokwawa, yatsala pang'ono kugwa.

Msampha weniweni uli pa "struggle to". Chiganizo chakuti "she struggled to pay the fees" chimanena kuti mayiyo anavutika kupeza fizi, koma sichiulula ngati analipira kapena analephera. Womasulira akalemba kuti "analephera kulipira" wawonjezera zake, ndipo akalemba kuti "anakwanitsa movutikira" wawonjezeranso. Lembani kuti "anavutika ndi nkhani ya fizi", yankho mulisake m'ziganizo zotsatira. Olemba nkhani zamasewera amawakonda mawuwa ponena za timu yomwe zinthu sizikuiyendera, ndipo kumeneko amakhala akupendekera ku kulephera.

Pa galamala pali lamulo lomwe ophunzira amaliphwanya kawirikawiri. Mneni ameneyu salola kuti dzina la chomwe ukulimbana nacho libwere pompo popanda kamawu kolumikiza. "Fight poverty" ndi "combat poverty" ndi zolondola, koma "struggle poverty" ayi. Pamafunika "against" kapena "with" pakati. Kalembedwe kake kali ndi g awiri, ndipo e wakumapeto amagwa mu "struggling".

Ku South Africa mawuwa ali ndi kulemera kwina. Munthu akati "the Struggle", nthawi zambiri ndi S wamkulu, safunika kufotokoza: akunena za kulimbana ndi ulamuliro wa tsankho wa apartheid, womwe unatha ndi chisankho cha mu Epulo 1994. Pa 26 Juni 1961 Nelson Mandela, ali mobisala, anatulutsa uthenga womwe munali mawu akuti "the struggle is my life". Mpaka lero kumeneko kuli "struggle songs" ndi "struggle veterans". Ku Mozambique mfuwu wa Frelimo wa Chipwitikizi wakuti "a luta continua" umamasuliridwa m'Chingelezi kuti "the struggle continues". Apa "kuvutika" n'kopepuka kwambiri. "Nkhondo yomenyera ufulu" ndiye ikukwana, ngakhale kuti mbali yaikulu ya nkhondo ya ku South Africa inali masitiraka, zionetsero ndi kunyanyala katundu.

Asayansi nawo ali ndi "struggle for existence", mawu omwe Charles Darwin anawatchukitsa mu 1859. Iye mwini anachenjeza kuti akuwagwiritsa ntchito mophiphiritsa, ndipo anapereka chitsanzo cha chomera cha m'mphepete mwa chipululu cholimbana ndi chilala. Wolemba mayeso a bayoloje amene angamasulire kuti "nyama zimamenyana kuti zikhale ndi moyo" wasiya kunja zomera zonse.

Pomaliza pali katchulidwe. Mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba, ndipo u amamveka ngati wa mu "cup". Samalani kuti n asalowerere, chifukwa "strangle" ndi kukanyanga munthu pakhosi. Mboni yomwe ikufuna kunena kuti awiriwo anagwirana, ikatchula mosasamala, wolemba mawu m'khoti akhoza kulemba kuti wina anafuna kupha mnzake.